Mtengo wa pikapu yatsopano wathawa: werengani chonchi musanagule

Amene anagula Hilux kapena Ranger yatsopano zaka khumi zapitazo, akapita lero kukafunsa mtengo wa ina amabwerako atagwira pakamwa. Ambiri amangoti kwacha yagwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Kwacha yagwadi, koma pikapu zakwera mtengo ngakhale ku South Africa kumene zambiri zoyenda m'misewu yathu zimapangidwa. Zakweranso ku America kumene kulibe vuto la ndalama zakunja. Zifukwa zake ndi zingapo zosanjikizana. Zina n'zosazembeka, zina mukhoza kuzilambalala mukadziwa pamene zabisala. Wogula amene sanazilekanitse amalipira zonse, ndi zomwe ntchito yake sinkazifuna n'komwe.

Phwanyani mtengowo kaye

Ndalama imene wogulitsa akukutchulirani ili ndi zinthu zinayi m'kati mwake: mtengo wa galimoto potuluka ku fakitale, ndalama yoibweretsera kuno, msonkho wa boma, ndi phindu la wogulitsayo. Zitatu zoyambazo zimayenda ndi dola kapena rand. Choncho pemphani kotesheni yolembedwa, yosonyeza mtengo mu dola, mtengo wosinthira umene agwiritsa ntchito, ndi tsiku limene kotesheniyo idzathe mphamvu.

Chifukwa chake ndi ichi. Kumayambiriro kwa 2022 dola imodzi inkasinthidwa pafupifupi K820 ku banki. Mu Meyi chaka chomwecho Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kufika pa K1,700. Pikapu ya $30,000 imene inali K24.6 miliyoni msonkho usanalowepo, inasanduka ya K51 miliyoni pasanathe zaka ziwiri, fakitale isanawonjezere ngakhale senti imodzi. Amene amapwetekedwa kwambiri ndi uja wapereka dipoziti n'kumadikira galimoto miyezi itatu kapena inayi. Dipoziti simanga mtengo pokhapokha zitalembedwa. Kwacha ikagwa galimoto ili m'njira, ndalama yotsala amaiwerengera pa mtengo watsopano. Musanasaine, pangano linene poyera kuti ndalama yotsalayo ili mu kwacha kapena mu dola, ndipo ngati ili mu dola, adzagwiritsa ntchito mtengo wosinthira wa tsiku liti.

Msonkho nawo uli ndi khalidwe limene ambiri salidziwa: umakwerana. Kasitomu amayamba ndi mtengo wa galimoto kuphatikiza ndalama ya sitima kapena thiraki ndi inshuwalansi ya m'njira. Pamenepo amaikapo msonkho wolowetsera katundu, pa zonsezo amaikaponso msonkho wina wotchedwa excise, kenako VAT imabwera pamwamba pa mulu wonsewo. Tiyerekeze ndi ziwerengero zongophunzirira: pa K100 iliyonse, msonkho wa 25 peresenti ukufikitsa pa K125, excise ya 30 peresenti ikufikitsa pa K162.50; VAT ya 16.5 peresenti ikufikitsa pafupifupi pa K189. Ziwerengero zenizeni za galimoto yanu zimadalira mtundu wake, kukula kwa injini ndi zaka zake, ndipo zimasintha ndi bajeti, choncho zitengeni ku MRA kapena kwa clearing agent wovomerezeka chaka chomwe mukugulacho. Mfundo yake njakuti dola iliyonse imene fakitale yawonjezera chifukwa cha mipando yachikopa, inu mumailipira kuwirikiza. Kwacha ikagwa, msonkho nawo umakwera nthawi yomweyo.

Galimoto yakenso yasintha

Dzina n'lomwelo, koma chinthucho n'china. Hilux za m'ma 1990 zokhala ndi injini ya 3L ya malita 2.8 kapena 5L ya malita 3.0 zinali ndi pampu ya dizilo yosalira kompyuta, zopanda turbo, mawindo opukusa ndi dzanja. Makaniko wa pa Lunzu kapena pa Jenda ankatha kuikonza ndi masipanala okha. Cha m'ma 2005 kunabwera injini ya D-4D, ya 2.5 ndi ya 3.0, yopopa dizilo mwa njira ya common rail (paipi imodzi ya dizilo wopanikizika kwambiri yogawira ma injector, tizida tothira dizilo mu injini). Kuyambira 2015 ndi 2016 kwabwera GD-6, ya 2.4 ndi ya 2.8, imene mphamvu yopopera mafuta imapitirira 2,000 bar. Mphamvu za injini zakwera, mafuta ikumwa pang'ono, utsi wachepa. Zimenezi n'zabwino ndithu, koma ma injector, pampu, turbo ndi masensa a injini yotere amapangidwa mwaluso lodula.

Kuwonjezera apo pali zachitetezo: ma airbag, mabuleki a ABS, kompyuta yoletsa galimoto kutsetsereka, ndipo pa zapamwamba pali kamera ndi radar. Izi ife sitingazinyoze, makamaka pa M1 pamene ngozi zake tikuzidziwa tonse. Gulu lachitatu ndi la zokometsera: sikirini yaikulu, mipando yoyenda ndi magetsi, marimu a mainchesi 18, giya bokosi ya otomatiki ya magiya 6 kapena 10, chivindikiro cha kumbuyo chotseka ndi batani. Apa ndi pamene makampani amapezera phindu lalikulu, ndipo apa ndi pamene inu muli ndi ufulu wokana.

Chizolowezi chosandutsa pikapu galimoto yabanja yapamwamba chinakula kwambiri ku America. Kumeneko kuyambira 1964 pikapu zochokera m'maiko ambiri akunja zimalipira msonkho wa 25 peresenti, ndipo makampani akomweko akhala ndi msika wotetezeka wa zikuluzikulu zonga Ford F-150. Masiku ano pikapu yaikulu yatsopano kumeneko imagulidwa pa avareji yopitirira $60,000. Ku South Africa mphepo yomweyo inafika: mu 2023 Ford Ranger Raptor yatsopano inayamba kugulitsidwa pa mtengo wopitirira R1 miliyoni.

Chimene chapweteka kwambiri wamalonda wamng'ono n'chakuti makwerero apansi anachotsedwa. Timapikapu ta theka la tani timene tinkapangidwa ku South Africa tatha kamodzikamodzi. Ford Bantam inasiya kupangidwa mu 2011, Chevrolet Utility inatha mu 2017 pamene General Motors inachoka m'dzikolo, ndipo Nissan NP200 inatsanzika mu Malichi 2024. Amene akufuna yatsopano tsopano akuyambira pa ya tani imodzi. Zaka za Covid-19 zinawonjezera moto: tizipangizo ta kompyuta tinasowa pa dziko lonse, mitengo ya sitima inakwera, ndipo mu Epulo 2022 madzi osefukira anaimitsa fakitale ya Toyota ku Prospecton, Durban, kwa miyezi pafupifupi inayi. Galimoto zitasowa, kuchotsera mtengo kunatha, ndipo mitengo imene inakwera nthawi imeneyo sinabwererenso pansi.

Yezani ntchito yanu ndi sikelo, musayeze ndi maso

Tengani pepala mulembe maulendo anu a chaka chatha: munkanyamula chiyani, cholemera bwanji, anthu angati, msewu wotani, mwezi uti. Mayankho amenewa ndiwo asankhe galimoto.

Yambani ndi katundu. Pa khomo la dalaivala kapena pansi pa boneti pali kachitsulo kapena sitika yolembedwa GVM, kulemera konse kumene galimoto ikuloledwa. Chotsani kulemera kwa galimoto yopanda kanthu, chotsalacho ndiye katundu wanu, ndipo m'menemo muli dalaivala, okwera, kanope, bull bar ndi thayala lachiwiri la sipeya ngati mwawonjezera. Single cab ya ntchito imanyamula pafupifupi tani imodzi, kapena kuti matumba 20 a chimanga kapena feteleza a makilogalamu 50. Twin cab ya 4x4 yodzaza ndi zokometsera imatsala ndi malo ochepera. Mukaikamo akuluakulu asanu a makilogalamu 75, makilogalamu 375 apita kale, kanope n'kudyaponso ena 70 kapena 80. Kumbuyo kwatsala matumba asanu ndi atatu kapena khumi basi, ndiponso bodi yake ndi yaifupi, pafupifupi mita imodzi ndi theka, pamene ya single cab imapitirira mamita awiri. Mlimi wa fodya kapena wogulitsa simenti amene wagula twin cab walipira zambiri kuti anyamule zochepa. Akaumiriza, masipiling'i akumbuyo amagona, mabering'i a difu amalira, klatchi imapsa, ndipo nthawi zina chesisi imapindika pakati pa kabini ndi bodi.

Kenako 4x4. Ngati mumalowa ku Chitipa, ku Nyika, kapena m'misewu yadothi ya ku Phalombe ndi Nsanje nthawi ya dzinja, igulireni, musanyinyirike. Ngati ulendo wanu ndi wa pa tala ndi misewu yafumbi youma, 4x2 yokwera m'mwamba yokhala ndi diff lock (chomanga mawilo awiri akumbuyo kuti azizungulira limodzi) imadutsa malo ambiri amene anthu amaganiza kuti amafuna 4x4. Mukatenga 4x2 mumapewa transfer case (bokosi logawira mphamvu ku mawilo akutsogolo), difu yakutsogolo ndi ma CV joint, zonse zolemera, zomwetsa mafuta, zofuna oilo wakewake.

Pa injini, 2.4 ya Hilux, 1.9 ya Isuzu D-Max kapena 2.0 ya turbo imodzi ya Ranger zimakwanira ntchito ya tsiku ndi tsiku. Zazikulu, 2.8 ndi 3.0, zimamveka phindu lake mukamakoka ngolo yolemera kapena kukwera Chiweta ndi katundu wodzaza kawirikawiri. Kumbukirani kuti kukula kwa injini kumakhudzanso msonkho. Pa magiya, manual njotchipa pogula komanso pokonza kuno kwathu. Otomatiki imathandiza pa mzere wa magalimoto wa mu Lilongwe, ndiponso pamene galimoto imodzi ikuyendetsedwa ndi madalaivala ambiri amene amaotcha klatchi. Koma ikawonongeka, amisiri oidziwa bwino ndi ochepa.

Za marimu tinenepo mwachindunji: marimu achitsulo a mainchesi 16 kapena 17 ndiwo oyenera misewu yathu. Akagunda dzenje amapindika n'kuwongoledwa, pamene a aluminiyamu amang'ambika. Thayala lake ndi lalitali m'mbali, limameza mabampu, ndipo limapezeka m'matauni ang'onoang'ono.

Mtengo weniweni ndi wa zaka zisanu

Pikapu ziwiri zosiyana K10 miliyoni pogula zikhoza kusinthana malo pakatha zaka zisanu. Lembani mizere isanu ndi umodzi pa galimoto iliyonse imene mukuiganizira.

Mafuta. Musakhulupirire chiwerengero cha m'kabuku ka wogulitsa, chimayezedwa galimoto ili yopanda katundu. Funsani amene ali nayo. Mukamayenda makilomita 25,000 pa chaka, galimoto yomwa malita 9 pa makilomita 100 imatha malita 2,250, yomwa malita 11 imatha 2,750. Kusiyana kwake ndi malita 500 pa chaka, 2,500 pa zaka zisanu. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo wa lero.

Sevisi. Funsani kuti imachitika pa makilomita angati ndipo iliyonse ndi ndalama zingati, makamaka zikuluzikulu zosintha oilo wa giya bokosi ndi difu. Injini ya GD-6 imamwa oilo pafupifupi malita 7.5, Ranger ya 3.2 pafupifupi malita 10. Galimoto yoyenda m'fumbi tsiku lililonse imafuna sevisi msanga kuposa mmene kabuku kanenera pa msewu wa tala. Funsaninso za waranti: zaka zingati, makilomita angati, ndipo imafa mukakonzetsa kwina kapena ayi. Pikapu yatsopano yobwera kudzera kwa munthu wamba, osati kwa dila wovomerezeka, nthawi zambiri ilibe waranti yogwira ntchito kuno.

Matayala ndi inshuwalansi n'zosavuta kuwerengera: tengani mtengo wa matayala anayi a saizi yakeyo, ndipo dziwani kuti inshuwalansi ya comprehensive imayenda ndi mtengo wa galimoto. Kwacha ikagwa, kwezani mtengo umene munalembetsa ku inshuwalansi. Mukaiwala, tsiku la ngozi adzakulipirani pa mtengo wakale umene sungagule ngakhale theka la galimotoyo.

Chiwongola dzanja ndiye chilombo chachikulu. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amawonjezera chawo pamwamba. Tiyerekeze ngongole ya K100 miliyoni pa 30 peresenti kwa zaka zinayi: mwezi uliwonse mukubweza pafupifupi K3.6 miliyoni, zonse pamodzi K173 miliyoni. Zokometsera za K15 miliyoni zogulidwa pa ngongole yotere zimakudyerani pafupifupi K26 miliyoni. Ngati galimoto ndi ya bizinesi, funso n'lakuti kodi ikhoza kubweretsa K3.6 miliyoni mwezi uliwonse, mwezi wa Febuluwale womwe, mafuta ndi dalaivala atalipidwa kale?

Mzere womaliza ndi mtengo wodzagulitsira. Yang'anani pa Facebook ndi m'malo ogulitsira magalimoto kuti ya zaka zisanu ya mtundu umenewo ikupita pa zingati, ndipo ikutenga nthawi yaitali bwanji kuti ipeze wogula. Pikapu zotchipa zochokera ku China ndi ku India, monga GWM, JAC ndi Mahindra, zafika pabwino kuposa kale ndipo n'zoyenera kuziyesa. Musanasankhe, pitani kwa wogulitsa zipangizo mufunse zinthu zisanu: sefa ya dizilo, mabuleki akutsogolo, klatchi, galasi lakutsogolo ndi nyali imodzi. Ngati zitatu mwa izi akuti aitanitse kunja, werengerani masabata amene galimoto idzakhale pa majeki.

Yatsopano ikakanika: kusankha yogwiritsidwa kale ntchito

Apa ndi pamene ambiri athera, ndipo mitengo yakenso yakwera potsatira yatsopano. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti wowala ndi matayala opakidwa polishi sizinena kanthu za injini.

Dziwani kaye kumene inachokera. Nambala ya chesisi ya zilembo 17 yoyamba ndi AHT ndi Toyota ya ku South Africa, MR0 ndi Toyota ya ku Thailand, AFA ndi Ford ya ku South Africa. Toyota inasiya kugulitsa Hilux pikapu m'dziko la Japan mu 2004 n'kuyambiranso mu 2017. Choncho wina akakuuzani kuti Hilux ya 2010 ndi "ex-Japan", mwina inangodutsa m'manja mwa kampani ya ku Japan. Funsani dziko limene inkayenda.

Funsoli lili ndi ntchito. Pikapu zaposachedwa zopangidwira msika wa Britain, Japan ndi Australia zimakhala ndi DPF, sefa ya mwaye ya mu ekizozi, ndipo zambiri zimafunanso madzi a AdBlue, ochepetsa poizoni wa mu utsi. DPF imadziyeretsa yokha pootcha mwayewo galimoto ikathamanga mosalekeza mphindi 20 kapena 30 pa liwiro lopitirira makilomita 60 pa ola. Galimoto yongoyenda kuchokera ku Area 25 kupita ku Old Town n'kuzimitsidwa imatseka sefayi, nyali imayaka pa dashibodi, mphamvu zimathawa, ndipo dizilo amatsikira mu oilo. Imafunanso oilo wapadera wosasiya phulusa lambiri. Mukathira oilo wamba wa mathiraki, mwaifupikitsa moyo. AdBlue ikatha, zambiri zimakana kulira mukazizimitsa. Za ku Britain muziyang'anenso dzimbiri, chifukwa kumeneko amathira mchere m'misewu nthawi yozizira. Lowani pansi ndi tochi ndi kahamala, gogodani chesisi kuseri kwa kabini ndi pamene masipiling'i amamangirira. Phula lakuda lopakidwa kumene pansi pa galimoto yakale likukuuzani kuti pali chobisika.

Mileji imabwezedwa kawirikawiri, koma pali potsimikizira. Ya ku Britain, lembani nambala yake yakale pa tsamba la boma la MOT history pa intaneti, muona makilomita a chaka ndi chaka kwaulere. Ya ku Japan, export certificate imasonyeza makilomita a nthawi imene inayezedwa ndi boma. Ya ku South Africa, tengani buku la sevisi muimbire galaja imene inadinda. Kenako yerekezani ndi maso: mphira wa pa mapedulo, chiwongolero, mpando wa dalaivala. Pa thayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka. 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019.

Kaioneni m'mawa injini isanalizidwe, igwireni ndi dzanja mutsimikize kuti njozizira. Ikavuta kulira, ikagogoda kwambiri kapena kutulutsa utsi woyera wosatha, ganizirani ma injector. Utsi wabuluu ndi oilo wopsa, wa turbo kapena mapisitoni. Injini ikulira, masulani chivindikiro cha oilo muchisiye pakamwa pake: chikamavina n'kukankhidwa ndi mpweya, injini yatopa. Thovu losatha m'botolo la madzi a rediyeta limaloza gasiketi ya pa hedi. Pitani ndi makaniko wanu wokhala ndi kompyuta yoyezera, awerenge mmene injector iliyonse ikugwirira ntchito komanso ngati zolakwa zafufutidwa posachedwa. 4x4 iyeseni pa dothi. Pa tala pouma pikapu zambiri zimamangika ma shafiti mukakhota muli mu 4H (giya ya 4x4), ndipo mukhoza kuwononga galimoto ya mwini.

Injini iliyonse ili ndi pofooka pake. D-4D ili ndi timing belt (lamba wa mu injini) yosinthidwa pa makilomita 150,000. Ngati palibe umboni, sinthani tsiku lomwelo, pamodzi ndi tensioner, chokungira lambayo. Pa 3.0 D-4D, mawashala a pansi pa ma injector akayamba kudontha mpweya, mwaye umalowa mu oilo n'kutseka sefa yoyamwira oilo ya mu sampu, injini n'kugwira mwadzidzidzi. Makaniko akhoza kuiyang'ana ndi tochi pa bowo lokhetsera oilo. GD-6 ili ndi tcheni m'malo mwa lamba. Ranger ya 2.2 ndi 3.2 ili ndi lamulo limene makaniko aliyense ayenera kulidziwa: posintha oilo, musaisiye yopanda oilo kupitirira mphindi khumi, chifukwa pampu yake imatha kulephera kukokanso. Ranger ya 2.0 yokhala ndi lamba woyenda m'kati mwa oilo imafuna oilo weniweni wolembedwa m'buku. Wina aliyense amafewetsa lambayo, nyenyeswa zake n'kutseka njira za oilo.

Mukamaitanitsa nokha

Siyanitsani mtengo wa FOB, wa galimoto ili pa doko la kwawo, ndi wa CIF, wofika pa doko limene timalandirirapo katundu monga Dar es Salaam kapena Durban. Pa CIF wonjezerani ndalama za pa doko, za agent, zoyendetsera mpaka pa Songwe, Mwanza kapena Dedza, msonkho, kulembetsa ku Road Traffic, COF (chiphaso choti galimoto njoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshuwalansi. Msonkho ufunseni musanatumize ndalama, popereka chaka, kukula kwa injini ndi mtundu wa kabini, chifukwa MRA ili ndi ufulu wowerengera pa mtengo umene iyo yaona kuti ndi woyenera, ngakhale invoisi yanu ikunena zochepa. Ndalama ya msonkho ikhale ili m'manja galimoto isanafike. Masiku aulere pa doko ndi ochepa, akatha ndalama yosungira imawerengedwa tsiku ndi tsiku.

Potumiza ndalama, dzina la akaunti lifanane ndi dzina la kampani. Mukalandira uthenga woti akaunti yasintha, imani, imbani foni pa nambala imene munali nayo kale. Akuba ambiri amalowera pamenepa. Galimoto yochokera ku South Africa ikhale ndi chikalata cha apolisi cha SARPCCO chotsimikizira kuti si yobedwa, komanso umboni woti ngongole ya banki inatha. Pikapu ndi zina mwa galimoto zobedwa kwambiri kumeneko, ndipo ikagwidwa kuno mumataya galimoto ndi ndalama zomwe. Yogula kwa munthu m'dziko muno, yerekezani nambala ya chesisi ndi ya injini ndi zolembedwa mu blue book, ndipo kusintha umwini kuchitike ku Road Traffic nonse muli pomwepo.

Kapena sungani imene muli nayo

Ndi mitengo ya lero, pikapu yakale ya chesisi yolimba njoyenera kuikonzanso. Ma injector anayi, klatchi, masipiling'i, ma shock, mabushi ndi rediyeta, zonse pamodzi zimakhala kagawo kochepa ka mtengo wa yatsopano, ndipo mulibe ngongole. Malire ake ndi chesisi: ikaola kapena kung'ambika, ndalama ina iliyonse yoikapo njotayika.

Chimene chimapha injini za common rail kuno, zatsopano ndi zakale zomwe, ndi dizilo wakuda. Mafuta akasowa pa filling station anthu amathamangira zigubu za m'mbali mwa msewu, ndipo m'menemo mumakhala madzi, fumbi, nthawi zina palafini. Pampu ndi ma injector zimadalira dizilo yemweyo kuti zitsetsereke. Palafini satsetsereketsa mokwanira, madzi amabweretsa dzimbiri, ndipo tizitsulo topalika mu pampu timafalikira mpaka mu thanki. Zikatero mumasintha pampu, ma injector ndi mapaipi, n'kutsuka thanki. Ngati palibe kuchitira mwina, thirani pang'ono m'botolo loonekera muone ngati pansi pakukhala madzi, siyani chigubucho chidekhe usiku wonse, tsanulirani kudzera pa nsalu yoyera yothina, ndipo malita awiri apansi musawathire. Nyali ya sefa ya dizilo ikayaka, imani pomwepo, masulani kampopi ka pansi pa sefayo mukhetse madzi mpaka patuluke dizilo woyera, kenako popani ndi kapampu kam'manja ka pamwamba mpaka kalimbe. Sefa ya sipeya yeniyeni izikhala kuseri kwa mpando nthawi zonse, ndipo mukathira mafuta a m'zigubu kawiri kapena katatu, isintheni osadikira sevisi.